Zilembo zitatu zimene zinandidyera mawu a agogo

Sabata ino ntchito yolemba yagwera ine, ndipo ndikudziwa kuti ena mukangoona mawu oti kompyuta muyamba kale kupitirira. Dikirani kaye. Nkhaniyi ndi ya mbiri, ndipo muli nyanja, sitima, telegalamu ndi matumba a usipa.

Kwathu ndi ku Mlowe, m'boma la Rumphi. Amene simunafikeko, mukatsika mapiri a Chiweta pamsewu wa M1 ngati mukulowera ku Karonga, pali msewu wopatukira kumanja umene umatsata nyanja chakummwera mpaka kufupi ndi pamene mtsinje wa South Rukuru umathira m'nyanja. Kumeneko n'kumene kunkakhala agogo anga aakazi. Zaka zingapo zapitazo ndinakakhala nawo masabata awiri nditatenga kachipangizo kojambulira mawu. Madzulo aliwonse tikatha kudya iwo ankafotokoza m'Chitumbuka, ine n'kumajambula. Ndinabwerako ndi mafayilo khumi ndi awiri, kuyambira 01.wav mpaka 12.wav. Fayilo yoyambayo ndiyo inali ndi mayina a makolo athu, wina pambuyo pa mnzake, komanso mmene banja lathu linatsikira kuchoka kumapiri a Phoka kudzakhala kunyanja.

Nditabwerera kutauni ndinakopera mafayilo onse mu laputopu yakale imene inkayendera Ubuntu, kenaka ndinafufuta za m'kachipangizo kaja kuti ndipeze malo. Ndinkafuna kuwamanga pamodzi kuti ndimutumizire msuweni wanga ku Johannesburg. Ndinali nditaonapo anthu akulemba lamulo lotchedwa tar, ndipo ndinkaganiza kuti ndikulikumbukira. Ndinalemba motere:

tar czf *.wav

Kompyuta sinadandaule chilichonse. Mawa lake nditati ndimvetsere fayilo yoyamba ija, inakana kulira. Mawu a agogo munalibemo, m'malo mwake munali mtolo wa mafayilo ena khumi ndi limodzi aja. Ndisanapeze mpata wobwerera ku Mlowe kukajambulanso, agogo anatisiya.

Kompyuta sinalakwitse, inachita ndendende zimene ndinaiuza. Koma kuyambira tsiku limenelo ndakhala ndikufuna kudziwa kuti zilembo zimenezi anaziika ndani, ndipo n'chifukwa chiyani zili zovuta kukumbukira chonchi. Zimene ndinapeza ndi zimene ndikugawana nanu lero.

Tiyambire pagombe. Aliyense amene anaonapo ochita malonda a usipa akukonzekera ulendo akudziwa kuti pali ntchito zitatu. Yoyamba ndi kuchotsa usipa pamathandala n'kuuthira m'thumba limodzi. Yachiwiri ndi kugwedeza thumbalo ndi kutsendera kuti mulowe wambiri, chifukwa wagalimoto kapena wasitima amalipiritsa pa thumba. Yachitatu ndi kusoka pakamwa n'kulemba dzina panja, kuti likafika ku Mzuzu lisasokonekere ndi la wina. Wolandira naye ali ndi zake: kuwerenga dzina, kudula chingwe, kukhuthula. Ntchito ya tar ndi imeneyi basi. Kumanga mtolo, kutsendera, kulemba dzina, kenaka kumasula.

Nyanja yathuyi inaonapo mtolo waukulu kwambiri. Mu 1875 amishoni a Livingstonia, motsogozedwa ndi E. D. Young ndipo pakati pawo pali Dr Robert Laws, anabwera ndi sitima yaing'ono ya nthunzi yotchedwa Ilala itaphwasulidwa m'zidutswa. Anailumikiza pamathiriro a Zambezi, n'kukwera nayo mtsinjewo mpaka kulowa mu Shire. Atafika pamathithi a Shire pamene sitima siingadutse, anaiphwasulanso. Mafumu a Amagololo anathandiza kupeza anthu mazanamazana amene anasenza zidutswazo pamutu kulambalala mathithi onse, ndipo kumtunda anailumikizanso. Pa 12 Okutobala 1875 Ilala inalowa m'nyanja. Ilala yachiwiri, imene tonse timaidziwa, inamangidwa mu 1949 ndi kampani ya Yarrow ku Scotstoun, ku Glasgow. Nayonso anaiphwasula, zidutswa zake zinadzera ku Beira, ndipo atazilumikiza kunyanja kuno inayamba ntchito mu 1951. Tili ana ku Mlowe tinkaithamangira ikaima patali ndi gombe, mabwato ake ang'onoang'ono akutuluka kudzatenga anthu ndi katundu. Sitinkadziwa kuti chinthu chachikulu chomwecho chinabwera chili m'mabokosi.

Taganizirani ntchito ya munthu amene ankalandira zidutswa zimenezo. Chitsulo chilichonse chiyenera kukhala ndi chizindikiro chosonyeza malo ake, apo ayi uli ndi mulu wa zitsulo, ulibe sitima. Kumanga mtolo n'kosavuta. Luso lili pa kuumanga mwa njira yoti munthu wina, kutali, patapita nthawi, adzaumasule zonse n'kubwerera m'malo mwake.

Nanga chizolowezi chofupikitsa mawu chinachokera kuti? Chinachokera pa waya. Mu 1844 Samuel Morse anatumiza uthenga wa telegalafu kuchoka ku Washington kupita ku Baltimore. M'ndondomeko imene iye ndi mnzake Alfred Vail anakonza, chilembo chilichonse chili ndi timadontho ndi timizere take. Chochititsa chidwi n'chakuti zilembo zimene zimapezeka kawirikawiri m'Chingerezi anazipatsa zizindikiro zazifupi. Chilembo E ndi kadontho kamodzi kokha, pamene Q ndi zizindikiro zinayi. Kumeneku n'kutsendera kale: chimene umachinena pafupipafupi chikhale chachifupi. Ndimati ndikaganiza, akanakhala kuti Morse anali wa kwathu kuno, kadontho kamodzi kaja kakanapita kwa A, poti Chichewa ndi Chitumbuka zadzaza ndi A. Koma A anapatsidwa kadontho ndi kamzere, ndipo agogo athu amene anaphunzira ntchitoyi anavala malaya osokedwa pa msinkhu wa chilankhulo china.

Ndipotu analipo amene anaiphunzira, pafupi ndi kwathu pomwe. Mu 1892 Cecil Rhodes anakhazikitsa African Transcontinental Telegraph Company ndi maloto oti waya uchoke kummwera kwa Africa mpaka ku Cairo. Pofika kumapeto kwa zaka za m'ma 1890 waya unali utadutsa dziko lathu kukwera chakumpoto mpaka ku Karonga. Unapitirira mpaka ku Ujiji m'mphepete mwa nyanja ya Tanganyika, ndipo unathera komweko, ku Cairo sunafike. Nthawi yomweyo Laws anali atachoka ku Bandawe n'kukhazikitsa mishoni paphiri la Khondowe mu 1894, ndipo pa sukulu ya Overtoun Institution, pambali pa uphunzitsi, ukalipentala ndi kusindikiza mabuku, ankaphunzitsanso achinyamata ntchito ya telegalafu. Anyamata a kumpoto kuno ankakhala pa makina, akumva kugogoda n'kumalemba zilembo, zonse zili pamtima.

Telegalamu ankalipira pa liwu lililonse. N'chifukwa chake makolo athu, amene polemba kalata ankayamba ndi moni wa tsamba lathunthu, kufunsa za ana ndi mbuzi zomwe, akafika ku positi ofesi ankasanduka anthu ouma pakamwa. Uthenga wopita kwa mwana amene ali ku migodi ya ku Joni kapena ku Salisbury unkangokhala mawu atatu, monga MAYI ADWALA BWERA. Ulemu wonse unkatsala pakhomo la positi ofesi. Wolandira ankadziwa kumasula yekha: akati adwala, mwina atisiya kale. Paja kufupikitsa kumagwira ntchito pokhapokha ngati onse awiri, wotumiza ndi wolandira, akudziwa njira yomasulira.

Kuchokera pa telegalafu panabadwa makina otchedwa teletype, taipilaita yolumikizidwa ku waya, yoti ukalemba kuno zilembo zimatuluka papepala kutali. Mu 1969, ku Bell Labs m'dera la New Jersey ku America, Ken Thompson ndi Dennis Ritchie atayamba kupanga Unix, makina amenewa ndiwo ankagwiritsa ntchito poyankhula ndi kompyuta. Panalibe mbewa, panalibe zithunzi zodina. Mtundu wotchuka, Teletype Model 33, unkasindikiza zilembo khumi zokha pa sekondi, mabatani ake anali olimba, ndipo unkasokosa ngati chigayo. Munthu wolemba pa makina otere tsiku lonse safuna mawu aatali. Ndiye malamulo a Unix anatuluka ngati telegalamu: ls kuti uone mafayilo, cp kuti ukope, mv kuti usunthe, rm kuti ufufute. Thompson mwiniwake atafunsidwa chimene akanasintha akanati ayambirenso, anayankha moseka kuti akanaika e kumapeto kwa liwu loti creat, limene analilemba loperewera chilembo chimodzi.

Lamulo la tar linatuluka mu Januwale 1979 pamodzi ndi Version 7 ya Unix, ndipo linalowa m'malo mwa pulogalamu yakale yotchedwa tp. Dzinali ndi chidule cha mawu a Chingerezi akuti tape archive, kutanthauza nkhokwe ya pa tepi. Masiku amenewo zinthu zofunika ankazisunga pa matepi aakulu okulungidwa pa mikombero. Amene munakula ndi makaseti mukukumbukira kuti ukafuna nyimbo yachisanu unkayenera kudutsa zinayi zoyambazo, nthawi zina ukupota ndi bolopeni kuti usathe mabatire. Tepi ya kompyuta inalinso chimodzimodzi. Choncho tar amaika mafayilo mondondozana. Patsogolo pa fayilo iliyonse amaikapo kachikalata ka mabaiti 512 konena dzina lake, kukula kwake, mwini wake ndi tsiku limene inasinthidwa komaliza, kenaka fayiloyo, kenaka kachikalata ka yotsatira. Malo a dzina anali a zilembo 100 zokha. N'chimodzimodzi chizindikiro cha pa chitsulo cha Ilala chija.

Olemba pulogalamuyi anasankha chilembo chimodzi pa ntchito iliyonse. Chilembo c chikuimira create, kupanga mtolo watsopano. Chilembo x chikuimira extract, kutulutsa za mumtolo. Chilembo t chimaonetsa mndandanda wa zimene zili m'kati. Chilembo v chimauza pulogalamu kuti izitchula fayilo iliyonse imene ikugwira. Ndiye pali f. Mvetsani bwino apa, chifukwa ndi pamene ine ndinagwera. Poti tar anapangidwira tepi, ukapanda kunena chilichonse ankangolemba pa makina a tepi. Ukafuna kuti mtolo ukhale fayilo wamba pa kompyuta, unkayenera kuika f, ndipo dzina loyamba lotsatira limatengedwa kukhala dzina la mtolowo. Matepi aja ambirife sitinawaonepo n'komwe, koma mpaka lero timalembabe f pafupifupi nthawi iliyonse, kuuza kompyuta kuti isafunefune makina amene kulibe.

Tsopano onani zimene ndinachita. Kanyenyezi kaja mu *.wav kamatanthauza mafayilo onse othera ndi .wav, ndipo kompyuta imayamba yawatchula onse motsatana isanapereke lamulo kwa tar. Ndiye chimene tar analandira chinali czf 01.wav 02.wav 03.wav mpaka 12.wav. Dzina loyamba pambuyo pa f linali 01.wav. Iye anamva kuti limenelo ndiye thumba. Analikhuthula, n'kuthiramo enawo. Sanandifunse ngati ndatsimikiza, chifukwa mapulogalamu a Unix anapangidwa ndi anthu amene ankakhulupirira kuti wolemba akudziwa chimene akuchita, ndipo funso lililonse linkadya pepala ndi nthawi.

Nanga z? Ameneyu ndi mlendo, anabwera pambuyo. Tar woyambirira sankatsendera, ankangomanga. Anthu a ku Bell Labs, makamaka Doug McIlroy, anali ndi mfundo yoti pulogalamu iliyonse izichita ntchito imodzi n'kuichita bwino. Womanga mtolo amange, wotsendera atsendere. N'chifukwa chake fayilo imathera ndi .tar.gz, mayina awiri: tar wamanga, gzip watsendera.

Kutsendera kuli ndi mbiri yakeyake. Mu 1952 David Huffman, amene anali wophunzira pa MIT, anasindikiza njira ya masamu yopezera zizindikiro zazifupi koposa pa zilembo zopezeka kawirikawiri. Ndi nzeru ya Morse ija, koma tsopano yowerengedwa bwinobwino pa fayilo iliyonse payokha, kotero kuti fayilo ya Chichewa imapatsa A ulemu wake. Mu 1977 Abraham Lempel ndi Jacob Ziv, a ku Technion mumzinda wa Haifa ku Israel, anabwera ndi nzeru ina. Mukukumbukira kaundula wa aphunzitsi kapena buku la ngongole la pagolosale? Mawu akabwerezedwa pamzere wotsatira, salembanso, amangoika timizere tiwiri kutanthauza kuti chimodzimodzi ndi pamwambapa. Tiyerekeze mwalemba kuti usipa wa Mlowe, usipa wa Chitimba, usipa wa Usisya. Mawu oti usipa wa abwera katatu. Njira ya Lempel ndi Ziv imalemba koyamba kokha, ndipo kwinako imangoti bwerera m'mbuyo zilembo zakutizakuti, ukope zakutizakuti. Pomasula, chilembo chilichonse chimabwerera pamalo pake, palibe chotayika.

Pamenepa pasiyana ndi thumba la usipa, limene ukalitsendera kwambiri pansi pamatsala zofumbutuka. Pasiyananso ndi zimene WhatsApp imachita ndi zithunzi zathu. Mukatumiza chithunzi mwa nthawi zonse, imachichepetsa potaya zina zimene diso silingazione msanga, ndipo zotayikazo sizibwerera. N'chifukwa chake chithunzi cha ukwati chimene chadutsa m'mafoni asanu chimaoneka ngati chajambulidwa m'nkhungu. Kutsendera kwa gzip sikutaya kanthu. Koma musadabwe mukatsendera zithunzi za JPEG kapena nyimbo za MP3 n'kupeza kuti sizinachepe kwenikweni. Zimenezo zinatsenderedwa kale, mulibe mpweya wotulutsa.

Nkhani ya ndalama inalowereraponso. Mu 1984 Terry Welch anakonza njira ya Lempel ndi Ziv n'kutulutsa imene imatchedwa LZW, ndipo pulogalamu ya Unix yotchedwa compress inkagwiritsa ntchito imeneyi. Koma njirayi inali ndi patenti, chikalata cha umwini, chimene chinadzakhala m'manja mwa kampani ya Unisys, ndipo ku America chinatha mphamvu mu 2003. Anthu a GNU, amene ankafuna mapulogalamu oti aliyense agwiritse ntchito ndi kugawa mwaufulu, sakanadalira chinthu cha mwini. Mu 1989 Phil Katz wa ku Milwaukee anatulutsa PKZIP ndi mafayilo a ZIP amene tonse timawadziwa, ndipo pambuyo pake anakonza njira yotchedwa Deflate, yophatikiza nzeru ya Lempel ndi Ziv ndi ya Huffman. Mu 1992 Jean-loup Gailly ndi Mark Adler anatenga njira imeneyi n'kupanga gzip. Chilembo z mu tar chimaitana ameneyu. Kenaka kunabwera bzip2 ya Julian Seward mu 1996, imene inapatsidwa j, ndiponso xz imene inapatsidwa J wamkulu. Musafunefune tanthauzo la j, silikugwirizana ndi dzina la pulogalamuyo. Zilembo zabwino zinali zitatengedwa kale.

Wina angafunse kuti zonsezi zikutikhudza bwanji ife. Zinatikhudza kale, tisanadziwe n'komwe. Chakumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990, intaneti isanafike m'dziko muno, Dr Paulos Nyirenda wa ku Chancellor College ku Zomba ankayendetsa njira ya imelo yodzera pa FidoNet, imene Tom Jennings anayambitsa ku America mu 1984. Pa FidoNet makalata sankapita limodzilimodzi. Kompyuta inkawasonkhanitsa, kuwamanga mtolo, kuwatsendera, ndipo ikalumikizana ndi inzake pa lamya wamba inkapereka mtolo wake n'kulandira wobwera. Lamya yakunja inali yodula kwambiri pa mphindi iliyonse, ndiye kutsendera kunkapulumutsa ndalama zenizeni. Ndi nkhani ya telegalamu yomwe ija, zangosiyana makina. Ngakhale lero, aliyense amene amawerengera bandulo yake asanatsegule kanema akudziwa kuti kwathu kuno kukula kwa fayilo ndi nkhani ya m'thumba.

Ngati mumaiwala zilembo za tar musadzione ngati mbuli. Mu 2013 Randall Munroe, wojambula nthabwala za xkcd, anajambula bomba limene silingazimitsidwe pokhapokha munthu atalemba lamulo lolondola la tar m'masekondi khumi, kamodzi kokha, osafufuza pa Google. Katswiri amene anaitanidwa anangopepesa. Anthu a makompyuta dziko lonse anaseka chifukwa aliyense anadzionamo.

Ine ndinaleka kuloweza m'Chingerezi, ndinazimangirira ku zinthu za kwathu. Chilembo c ndimati chimange, kunena chimtolo. Chilembo x ndimachiona ngati sizasi yotsegula, yodulira chingwe cha thumba. Chilembo t ndimati tione, tione kaye muli chiyani. Chilembo v ndimati vumbulutsa, usachite mobisa. Chilembo z ndi zipi ya chikwama chodzaza, imene umachita kukhalira kuti itsekeke. Ndipo f ndi fayilo, koma pamenepa ndili ndi lamulo limene ndimalinena mokweza ndisanadine batani: dzina lotsatira f ndi la thumba, si la nsomba.

Ndiye pomanga mtolo ndimalemba:

tar czf agogo.tar.gz *.wav

Pofuna kuona za m'kati popanda kukhuthula:

tar tzf agogo.tar.gz

Pomasula:

tar xzf agogo.tar.gz

Ntchito zitatu, ndipo chimene chasintha ndi chilembo choyamba chokha. Pa tar wa GNU, kuyambira mu 2004, pomasula simufunikanso kutchula z kapena j, amazindikira yekha mmene mtolo unatsenderedwera, ndiye tar xf ndi dzina la mtolo n'zokwanira. Ndikupemphani chinthu chimodzi: musanalembe x yambani mwalemba t. Mitolo ina imakhuthukira pomwe mwaimapo, ndipo ikapeza fayilo ya dzina lofanana imailemba pamwamba osafunsa. Ndipo mukakayika, lembani man tar, buku la malangizo lili m'kompyuta momwemo. Safunsa anadya phula, ine ndinadya.

Pali funso limene linandivutitsa nthawi yaitali. Ngati zilembozi zikusokoneza chonchi, bwanji osangozisintha? Anayesapo. GNU inawonjezera mawu athunthu monga --create ndi --extract, ndipo akugwira ntchito. Mu 2001 okonza muyezo wa POSIX anachotsamo lamulo la tar n'kusiya lina lotchedwa pax kuti lilowe m'malo. Anthu sanasunthe. Tar akadalipo pa Linux ndi pa makompyuta a Apple, ndipo mu 2018 Microsoft inamuikanso mu Windows 10. Poyamba ndinkaona ngati ndi liuma chabe. Pano ndikuona mwina. Chifukwa choti sanasinthe kwenikweni, mtolo umene unamangidwa mu 1979, ngati tepi yake ikuwerengekabe, mungaumasule lero ndi zilembo zomwezija. Ndi zinthu zingati za makono zimene zingalonjeze zimenezo? Ma CD amene tinkasungira zithunzi zaka khumi ndi zisanu zapitazo, laputopu zambiri za lero zilibe ndi poziika pomwe.

Dziko lathu likudziwa kuwawa kwa kutaya nkhokwe. Mu 1919 moto unatentha maofesi a Secretariat ku Zomba, ndipo zikalata zambiri za zaka zoyambirira za boma la atsamunda zinapsa. Olemba mbiri mpaka lero amachita kutolera za nthawi imeneyo ku London ndi m'makalata a amishoni. Nkhokwe ya zikalata ya ku Zomba, imene pano timaitcha National Archives of Malawi, inayamba mu 1947 ngati nthambi ya Central African Archives, patatha zaka pafupifupi makumi atatu moto utachita kale zake. Pa 18 Disembala 2015 laibulale ya Mzuzu University inapsa, mabuku zikwizikwi anasanduka phulusa. Ine moto wanga unali wa zilembo zitatu ndi kanyenyezi, ndipo unatenga sekondi imodzi. Koma chifukwa chake n'chofanana: chinthucho chinali pamalo amodzi okha.

Pamenepa ndi pamene ndinalakwa kwenikweni. Kuiwala malo a f n'kulakwa kwa aliyense. Kufufuta za m'kachipangizo kaja ndisanatsimikize kuti ndili ndi makope awiri, kumeneko ndiye kunali kupusa kwanga. Mtolo si nkhokwe. Mtolo umangothandiza kunyamula. Chimasunga ndi kukhala ndi kope ina, kwa munthu wina, pansi pa denga lina.

Mafayilo khumi ndi limodzi aja ndinawapeza onse. Anali m'kati mwa 01.wav momwemo, ndipo nditangosintha dzina lake n'kulemba x anatuluka bwinobwino, kuwonjezera pa amene anali kale pa laputopu. Ndiye ndili ndi agogo akufotokoza za njala, za ulendo wawo woyamba pa Ilala kupita ku Nkhata Bay, za agogo aamuna amene anapita ku Joni n'kukhalako zaka zambiri osalemba kalata. Za mayina a makolo zija, pamaliro ndinakhala pansi ndi azakhali anga. Ndinati, "Azakhali, mayina aja ankatchula agogo, mukuwakumbukira?" Anaganiza nthawi yaitali, akuwerenga ndi zala. Anakumbukira anayi. Agogo anatchula ambiri kuposa pamenepo, ndikudziwa chifukwa ndinali pomwepo, koma usiku umenewo sindinkamvetsera kwenikweni. Ndinkayang'ana kanyali kofiira ka kachipangizo, ndili ndi chikhulupiriro kuti kakundikumbukirira.

Mayina anayiwo ndinawalemba m'kope ndi bolopeni. Kope ina ili kwa msuweni wanga ku Johannesburg, ina ili kwa azakhali ku Mlowe m'sutikesi yawo ya zikalata za tchalitchi. Amene muli ndi agogo amene akadali moyo, pitani mukawajambule mwezi uno, foni yanu yomweyo ikukwana. Koma pojambulapo muzimvetseranso, ndipo musafufute kanthu musanamve ndi makutu anu kuti kope yachiwiri ikulira. Sabata yamawa cholembera chili ndi wina.